Lipoti la msonkhano wa mbiri ya mpingo ku Oxford

Abale ndi alongo moni nonse. Ndabwerako bwino, malisiti a sitima ndi a kogona ndapereka kale kwa asungichuma, amene akufuna akaone okha chifukwa ndamva kuti ena akuti ndinangopita kokayenda pa ndalama za gulu.

Zam'mawa zinali za bajeti ndi kasungidwe ka mabuku akale, palibe chokuuzani pamenepo. Masana ndiye anatitengera ku Broad Street komwe kuli kamtanda pansi pakati pa msewu, pompo anawotchera amoyo mabishopu Hugh Latimer ndi Nicholas Ridley mu 1555, kenako Thomas Cranmer mu 1556. Nthawi ya mfumukazi yachikatolika Mary anawotcha Achipulotesitanti pafupifupi 300 ndipo ambiri sanali mabishopu ayi, anali anthu wamba, oluka nsalu, azimayi. Koma zitatembenuka naonso Achipulotesitanti anachita zomwezo, mu 1586 ku York mayi wachikatolika Margaret Clitherow, amene anamugwira pa mlandu wobisa ansembe, anamusanjikizira zolemera pathupi mpaka kufa. Msonkhano wagwirizana kuti mpingo uliwonse uzikhala ndi Sande yokumbukira ofera chikhulupiriro, ine ndinavota nawo, koma pa ndandanda wawo mayi ameneyu palibe ndipo zimenezo sindikugwirizana nazo, kwathu kuno tidzamutchule.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi cha pambuyo pake. Mu 1662 abusa pafupifupi 2,000 anawachotsa m'mipingo yawo chifukwa chokana kutsatira buku la mapemphero lomwe boma linalamula, ndiye anthu anayamba kupemphera m'makomo, boma nkukhazikitsa lamulo mu 1664 loti anthu asanu kapena kuposerapo omwe si a banja limodzi asamasonkhane kupemphera kunja kwa Church of England. Ukagwidwa chindapusa kapena ndende, kachitatu amakutumiza kutsidya kwa nyanja zaka 7. John Bunyan anali kale m'ndende ku Bedford kuyambira 1660 chifukwa cholalikira opanda chilolezo, anakhalamo zaka 12, akanangolonjeza kuti asiya akanatuluka koma anakana.

Atafika pamenepa ine maganizo anali kwa amayi athu a Lachinayi basi. Sindikuti komiti yathu ikuwotcha anthu, musandimve molakwa, koma chifukwa chomwe munapereka poletsa mapemphero a m'makomo popanda mkulu wa mpingo, choti agawanitsa mpingo, ndi chomwecho chimene ankanena a ku England. Nanga mpingo wawo unagwirizana? Ayi ndithu, Abaptisti ndi ma Quaker sanathe, mpaka mu 1689 boma linawalola kumapemphera paokha. Amayiwa ambiri amagwira mashifiti ausiku ku ma care home, Sande satha kubwera, ndiye tikawatsekeranso Lachinayi tikufuna akapemphere kuti? Kalata yawo yodandaula ija mpaka lero sanayankhidwe, pomwe nkhani ya alawansi yangayi munaikambirana misonkhano ingapo.

Gawo lomaliza linali la masankho a komiti ya msonkhanowo, onse akale abwereramo. Achairman ndikupempha kuti nkhani ya amayi a Lachinayi ikhale yoyamba pa ajenda Loweruka lino, ndipo eniake aitanidwe adzalankhule okha.