Guluu woyera sayenera pa uta wophatikiza

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amisiri anzanga a ku Ntcheu ndi ku Dedza amene akupanga mauta ophatikiza, aja omata nsungwi kumsana kwa thabwa. Chonde tisiye kumatira mauta ndi guluu woyera wa PVA amene timamatira mipando. Uta ukakokedwa, nsungwi imatamuka pomwe thabwa lakumimba, mbali yoyang'ana wokoka uta, likupanikizika, ndipo mphamvu yonseyo imathera pamzere wa guluu. Guluu woyera amatsetsereka pang'onopang'ono, makamaka uta ukagona padzuwa la mu Okutobala, mpaka nsungwi imayamba kumatuka pafupi ndi chogwirira. Uta ukamatuka uli chikokereni umavulaza maso. Guluu wa nsapato ndi wofewa kwambiri, ndipo supaguluu amathetheka.

Woyenera ndi epoxy, guluu wa mabotolo awiri osakaniza pamodzi, koma wouma mochedwa. Uja wouma m'mphindi 5 amagwira musanamalize n'komwe kupaka. Opanga mauta ambiri kunja amadalira epoxy wotchedwa EA-40 wa kampani ya Smooth-On, amene amasakanizidwa muyezo wofanana mbali zonse ziwiri. Winanso wabwino pa thabwa ndi nsungwi ndi guluu waufa wa urea formaldehyde, monga Cascamite, wosungunula ndi madzi ozizira. Funsani m'mahadiweya akuluakulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre, apo ayi tumani oyenda ku Johannesburg. Onani tsiku lothera mphamvu. Ufa umene wapanga zibuluma walowa chinyezi, ndipo wopimidwa m'majumbo opanda dzina musaugule.

Komatu guluu wabwino amalepheranso pamanja osasamala. Thabwa ndi nsungwi zikhale zouma gwa. Palani nsungwi chakumkati mpaka itsale pafupifupi mamilimita 3, khungu lakunja ndi mfundo zake osazidula. Kwechani mbali zomatazo ndi sanipepala wokhakhala wa nambala 40 kapena 60 motsata utali, chotsani fumbi, ndipo musagwirenso ndi zala poti thukuta limakaniza guluu. Pakani mbali zonse ziwiri. Kutirani ndi pulasitiki, kenaka kulungani ndi mphira wodula ku chubu ya njinga kuyambira pakati kupita kunsonga. Musamange mothinitsa zedi, chifukwa epoxy akafinyika yense n'kutuluka, pomatapo pamatsala pouma.

Kuno kwathu vuto lina ndi chisanu. Mu Juni ndi Julayi, epoxy amachedwa kuuma m'shedi yozizira ndipo amatha kutsala nyatanyata. Matani cha m'ma 10 koloko m'mawa, muike utawo mupulasitiki wakuda padzuwa, usiku ugone m'nyumba mofunda. Masulani mphira pakatha maola 24, koma chingwe chidikire sabata yathunthu.

Musanawononge nsungwi yabwino, matani tizidutswa tiwiri toyesera, ndipo pakapita masiku atatu mutilekanitse ndi tchizulo. Thabwa likang'ambika n'kusiya ulusi wake paguluu, guluuyo ngwabwino. Tikalekana bwinobwino pamzere wosalala, musamuike pa uta.

Mmisiri wa matabwa,
Lizulu, Ntcheu