Za mtima wa amayi

Wokondedwa mnzanga,

Uthenga wako ndaulandira, ndipo nkhani yoti mtima wa amayi wafooka yandikhudza kwambiri. Ndikudziwa kuti ukusowa tulo poti uli kutali, koma usataye mtima. Mtima wawo ukupopabe magazi, kungoti mphamvu zake zachepa moti sukukwanitsa zimene thupi likufuna. Anthu ambiri amakhala nalo vutoli zaka zambiri akamamwa mankhwala mokhulupirika.

Kawirikawiri limayambira patali. BP ikakhala yokwera kwa zaka, mtima umapopa movutikira mpaka minofu yake kutopa. Ena chimawayambitsa ndi shuga, mowa wambiri, kapena kutsekeka kwa mitsempha yodyetsa mtimawo. Enanso anadwala zilonda zapakhosi ali ana osalandira penicillin, matendawo n'kuwononga mavalavu, tizitseko ta mumtima. Poti amayi akhala ndi BP kwa nthawi yaitali, ine ndikukayikira imeneyo, koma sikani ya mtima ndiyo ingauze adokotala zenizeni.

Befu ndi kutupa kumene ukunenako ndi madzi. Magazi akamayenda mochedwa, madzi amadikha m'mapapo ndi m'miyendo. N'chifukwa chake sangagone chagada popanda mapilo awiri kapena atatu, ndipo amadzidzimuka pakati pa usiku akubanika. Uuze mng'ono wako adinikize chala pamwamba pa kakolo. Pakatsala kadzenje kochedwa kufufuma, ndiye kuti madzi alipo. Aziwayezanso pasikelo m'mawa uliwonse asanadye. Akakwera ndi makilogalamu 2 m'masiku 3, asadikire tsiku limene anawalembera, apite kuchipatala.

Tsono chimene ndafuna kwambiri kukuuza ndi cha mankhwala. Furosemide, amene ambiri amangoti Lasix, ndi wochotsa madzi. Amakodzetsa pafupipafupi, choncho ndi bwino kumwa m'mawa kuti usiku agoneko. Patangopita masiku ochepa miyendo imaphwa, mpweya n'kubwerera, ndipo apa mpamene odwala ambiri amaganiza kuti achira n'kusiya mapiritsi enawo poona ngati sakuthandiza. Chonsecho enawo ndi amene amatalikitsa moyo. Enalapril amamasula mitsempha kuti mtima usamakankhe magazi movutikira. Carvedilol kapena bisoprolol amauchepetsa liwiro kuti uzipumako. Amayamba ndi mlingo wochepa n'kumawonjezera pang'onopang'ono, ndipo masabata oyambirira munthu akhoza kumva kufooka, koma asawasiye mwadzidzidzi. Spironolactone nayenso amateteza mtima, kungoti amafuna kuyezetsa magazi kuti aone impso ndi potaziyamu, mchere wina wa m'magazi. Masiku ano amawonjezeranso dapagliflozin, amene poyamba anali wa shuga, ngakhale kwa munthu wopanda shuga.

Enalapril ena amawatsokomoletsa chifuwa chouma chosatha. Zikatero akauze adokotala, amatha kuwasinthira losartan. Chonde asamangosiya okha.

Mchere achepetse ndithu. Ndipo msana kapena mawondo zikawawa, asagule ibuprofen kapena diclofenac, chifukwa amasunga madzi m'thupi ndi kuvulaza impso. Paracetamol ndiye bwino. Ichi ndikuchitsindika poti ambiri saona ibuprofen ndi diclofenac ngati mankhwala oopsa.

Ukamawaimbira, usamangofunsa kuti adzuka bwanji, poti ukuwadziwa, adzangoti ali bwino kuti usade nkhawa. Uziwafunsa kuti agonera mapilo angati, nsapato zikulowa kapena ayi, ndiponso mapiritsi atsala angati. Akayamba kubanika atangokhala pansi, kumva kuwawa pachifuwa, kapena kukomoka, athamange nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Undipatsire moni kwa amayi, ndipo undiuze zimene sikani yaonetsa.

Ndine mnzako wa pamtima.