Mwana asamakhale pakhomo podikira pepala la transifa

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzipepala yanu ndinenepo za nkhani imene makolo ambiri tikuvutika nayo chamumtima, yosamutsa mwana wa sekondale kupita sukulu ina chaka chili pakati. Tikamakamba za maphunziro timangothera pa selekishoni ya fomu 1 ndi zotsatira za MSCE basi, koma pali ana ambiri amene akutayika pakatipa, ana anzeru ndithu, chifukwa choti banja lasamuka mu January kapena mu March ndiye pepala la transifa silikutuluka.

Palibe kholo limene lingachotse mwana pasukulu teremu yachiwiri mwadala. Sukulu zimatsegulira mu September nkutseka mu July koma mavuto safunsa kalendala. Wapolisi, nesi, msilikali, mphunzitsi amene, akamuuza kuti positing'i yatuluka sangayankhe kuti bwana dikirani mwana wanga atseke kaye. Ena ndi maliro, ena banja latha mayi wabwerera kwawo ndi ana. Kumbukirani namondwe wa Freddy mu March 2023, anthu a ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe nyumba zinapita, ambiri anakakhala kwa achibale maboma ena ndipo ana awo a sekondale anapita nawo. Palinso atsikana amene akubwerera kusukulu atabereka, ndondomeko yowalola ilipo kuyambira 1993 koma ambiri safuna kubwerera pa sukulu yomwe ija poopa kulozedwa zala, akufuna kukayambira pena pomwe sakuwadziwa, ndipo ine ndimawamvetsa.

Ineyo ndinatenga mwana wa malemu achemwali anga, mtsikana wa fomu 3 amene amaphunzira pa CDSS ina kummwera, maliro anachitika teremu yachiwiri itangoyamba kumene ndipo kumudziko kunalibe woti nkumusiyira. Ndinkaganiza kuti poti sukulu zonse ndi zaboma ndipo ndikupempha CDSS inzake osati sukulu yapamwamba ayi, zitheka msanga. Ahedi akumene amachoka anati kalata tilemba koma kaye mutibweretsere umboni woti uko malo alipo, ahedi akuno anati malo alipo koma sitingamulandire popanda kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro ya divisheni, ku ofesiko anati bwana wosayina ali ku msonkhano mubwerenso, nditabwereranso anati pakusowa ripoti ya teremu yoyamba, chinthu chimene palibe anandiuza poyamba paja. Nthawi yonseyi mwana ali pakhomo akutsuka mbale, anzake akuphunzira, ndipo ndi mwana woti wangoika kumene mayi ake m'manda, amafunika kukhala pakati pa anzake kuti aziiwalako. Ndimamupeza atakhala pakhonde ndi kope lake lakale akuwerenga manotsi omwewo omwewo. Zinandiwawa kwambiri a Mkonzi, mpakana pano zimandiwawabe.

Sindikunena kuti malamulo achotsedwe ayi. Ndikudziwa chifukwa chake anawaika. Malo ku sekondale za boma ndi ochepa, mwana amalowa potengera mmene wakhozera mayeso a sitandade 8 a PSLCE, wina amapita ku national ngati Dedza Government, Mzuzu Government, Blantyre Secondary kapena Lilongwe Girls, wina ku boding'i ya m'boma lake, wina ku CDSS. Chitseko cha transifa chitangosiyidwa pululu, anthu a ndalama bwenzi akulowetsa ana awo ku national kudzera kuseri, mwana wa mlimi amene anakhoza bwino nkusowa bedi ku hositelo. Zimenezo ndikukana nawo. Koma mwana wochoka pa CDSS kupita pa CDSS inzake wabera ndani malo? Amene akufuna zachinyengo amadziwa kale njira zawo ndipo sachedwa, wochedwa ndi ife amene tikutsata ndondomeko.

Ndiye taganizirani mtunda. Dziko lonse lino maofesi a divisheni ndi 6 okha, ku Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, Zomba, Blantyre ndi ku Mulanje. Kholo la ku Chitipa liyenera kutsikira ku Mzuzu, la ku Nsanje kukwera mpaka ku Blantyre, la ku Nkhotakota kupita ku Kasungu, la ku Likoma nde mpaka kukwera sitima. Thiransipoti ya masiku ano mukuidziwa, ulendo umodzi wokha ndi ndalama yoti ukanagulira yunifomu yatsopano ndi makope, nanga ukabwezedwa? Ambiri amangogwa ulesi, mwana nkumulembetsa ku open kuti aziphunzira masana anzake akaweruka, chonsecho ndi mwana woti anasankhidwa bwinobwino, kapena kukamuponya pa pulayiveti iliyonse ya pafupi imene safunsa nkomwe kuti wachokera kuti bola fizi. Ndipo ena amangosiyira pomwepo, mtsikana akakhala pakhomo teremu yonse tonse tikudziwa chimene chimatsatira.

Koma vuto limene linandidzidzimutsa kwambiri linabwera pepala litatuluka. Ku fomu 3 ana amakhala atasankha kale masabujekiti, ndipo sukulu iliyonse imaphunzitsa malinga ndi aphunzitsi amene ili nawo. Mwana wathu uja amatenga Geography ndi Bible Knowledge, kufika kuno akuti Bible Knowledge kulibe mphunzitsi, alowe kalasi ya Physics ndi Chemistry, zinthu zoti anazisiya ku fomu 2 ndipo anzakewo apita nazo kale patali. Kuti munthu apate satifiketi ya MSCE pamafunika kukhoza masabujekiti 6 kuphatikizapo English, ndipo kuti aganiziridwe ku yunivesite za boma pamafunika makirediti 6, nde mwana ukamulanda sabujekiti imodzi imene amaidalira wamuwonongera mapointi onse. Olo masabujekiti ofanana omwewo, silabasi ndi imodzi inde koma aphunzitsi satsata mitu mofanana, uku anayamba ndi mutu wina uko anayamba ndi wina, mwana amapezeka kuti zina waphunzira kawiri zina sanazionepo ndipo sadzazionanso mpaka tsiku la mayeso. Wathuyu amagona mochedwa kukopera manotsi a anzake ndi tochi ya foni. Mphunzitsi mmodzi wa Biology, Mulungu amudalitse, ndi amene anadzipereka kumamuthandiza pa buleki osapempha kanthu, koma zimenezi siziyenera kudalira mwayi wokumana ndi munthu wamtima wabwino.

Kwa amene ali fomu 2 ndi fomu 4 nde ziliko zina. Mayina olembera JCE ndi MSCE amapita ku MANEB chaka chisanafike patali, dzina la mwana limakhala pa senta ya sukulu imene analembetsera. Akasamuka mayina atapita kale, makolo ambiri amangozindukira nthawi yatha kuti mwana akuyenera kubwerera konkuja kukalemba, ndiye uyambe kusaka koti akagone masabata onse a mayeso, mwana wamkazi, kwa anthu ongodziwana nawo kutchalitchi. Makolo anzanga, ngati mwana ali kalasi ya mayeso ndipo pali m'bale wodalirika woti angatsale naye mpaka alembe, ndi bwino atsale. Koma ndati wodalirika, osati kumuchitira lendi kachipinda pa trading centre nkumati ndi self boarding, kumeneko taluza atsikana ambiri. Ndipo musanachotse mwana pitani kaye nokha pa sukulu yatsopanoyo mukafunse masabujekiti amene amaphunzitsa, mutenge maripoti onse, fotokope ya chilichonse musunge.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zamaphunziro ndi loti mwana aziloledwa kulowa m'kalasi pamene mapepala akuyenda. Ahedi awiri akagwirizana, wina kuti mwanayu ndi wathu anasankhidwadi, wina kuti malo alipo, ndipo sukulu zake ndi za mulingo umodzi, mwana ayambe Lolemba lomwelo, chidindo cha ku divisheni chimupeze ali pa desiki. Ngati pambuyo pake zapezeka kuti panali bodza, amuchotse ndipo wonamayo alangidwe, koma osalanga ana onse chifukwa cha ochepa. Ndondomeko yake ilembedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, imatidwe pa bolodi ya sukulu iliyonse kuti kholo lidziwe mapepala onse ofunika tsiku loyamba lomwelo, ndi masiku amene liyenera kudikira yankho. Komanso bwanji kalata zimenezi osamalandirira ku ofesi ya maphunziro ya pa boma, iwo nkumatumiza okha ku divisheni? Masiku ano fizi ya mayeso anthu akhala akulipira pa Airtel Money ndi Mpamba, ahedi onse ali pa magulu a WhatsApp, nde chifukwa chiyani agogo a ku Nsanje azikwera minibasi kunyamula envulopu pamanja?

Kalata ya transifayo isamangonena kuti mwanayu ndi wa khalidwe labwino basi, izikhalanso ndi masabujekiti amene amatenga ndi mitu imene wafika, kuti aphunzitsi omulandira adziwe poyambira. A MANEB nawo azilengeza pa wailesi momveka bwino zimene kholo liyenera kuchita mwana akasamuka atalembetsa kale mayeso, ndi tsiku lomaliza lochitira zimenezo, monga mmene amalengezera za kulembetsa. Ndipo eni sukulu za pulayiveti, ndikudziwa kuti balansi ya fizi ndi ndalama yanu ndipo mukuyenera kuilandira, koma kukaniza ripoti ya mwana wamasiye mpaka chaka chimuthere si njira yake, lemberanani pangano ndi kholo mwana apite.

Mwana wa achemwali angayo pano ali fomu 4, Chemistry ikumuvutabe koma sanagwe mphwayi. Anzake awiri amene ndinkakumana ndi makolo awo pa benchi ya ku ofesi kuja, mmodzi ali ku open, winayo mayi ake anandiuza pa foni kuti anasiya sukulu. A Unduna tiyankheni kudzera mu nyuzipepala yomwe ino teremu yachiwiri isanafike.

Kholo lokhudzidwa,
Chigawo cha Pakati