Kalata kwa Makolo Potseka Teremu: Za Ulendo wa ku Zomba

Okondedwa makolo ndi onse osunga ana,

Landirani moni wochokera kwa aphunzitsi onse. Teremu yatha, ndipo tikuthokoza Mulungu potisunga.

Ndiyambe ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere. Monga mukudziwa, tinapita ndi ana a Sitandade 7 kumunda wa zomera wa ku Zomba, m'munsi mwa phiri, kuti zomwe amamva m'kalasi akazione ndi maso. Malowa ndi a mbiri. Nyumba ya Masongola, yomwe ili pafupi ndi mundawu, anaimanga John Buchanan m'chaka cha 1886 kuti muzikhala kazembe wa Britain, ndipo kenako munakhala Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda kuno, kuyambira 1891. Mundawo anauyambitsa ndi Alexander Whyte, amene ankayeserapo mbewu ndi mitengo yosiyanasiyana. Mukumbuke kuti Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975.

Tisanakwere basi tinawalangiza anawa kuti asachoke m'kanjira koyendamo alendo, asathyole kanthu, ndiponso asasiyane ndi gulu. Koma anyamata ena anatulutsa kampasi yophunzirira masamu nʼkumalemba mayina awo pakhungwa la mtengo, utomoni uli chuchuchu. Mtengowo ndi wakale kuposa agogo awo! Bala lotere ndi khomo la tizilombo ndi matenda, ndipo silifufutika. Ena anazemba nʼkutsikira kumtsinje wa Mulunguzi, kumene miyala yake ndi yoterera ndi ndere. Mmodzi tinamupeza yunifolomu itanyoweratu, akunjenjemera, nsapato imodzi itapita ndi madzi. Akanamira mwana ameneyu, ife tikanabwera kudzakuuzani chiyani?

Ana onse okhudzidwa alandira kalata yapadera, ndipo sadzalowa m'kalasi akadzabwera opanda kholo. Teremu yamawa adzadzala mitengo kuseri kwa makalasi nʼkumaithirira okha. Pamenepa sitibwerera m'mbuyo. Komabe chonde makolo anzanga, musatione ngati tikudana ndi ana anu. Ife timakhala nawo masana okha, mwambo umayambira pakhomo. Khalani nawo pansi patchuthipa, muwafunse zomwe anaona ndi zomwe analakwa.

Chinanso, ena simunamalize kupereka ndalama za basi. Sitinafune kusiya mwana aliyense akulira pasukulu, choncho komiti inabwereka ndalama kuti onse apite, ndipo ngongoleyo ikadalipo. Tikudziwa kuti zinthu zavuta, koma bwerani tidzakambirane, ngakhale muzipereka pang'onopang'ono. Kukhala chete ndiye kukutipweteka.

Zabwino ziliponso: ambiri akhoza bwino mayeso, atsikana a ntchemberembaye atisangalatsa, kwaya yaimba bwino, ndipo kujomba kwachepa. Tikuthokozanso amayi ophika phala.

Sukulu idzatsegulidwa patsiku limene Unduna wa Zamaphunziro walengeza. Msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi udzakhalako Lachisanu la sabata yoyamba, 2 koloko masana. Chonde mudzabwere nokha, musadzatume mwana.

Ndine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu