Khansa ya ana isamangokumbukiridwa pa 15 February

Akonzi,

Ndalama zimene timasonkha pothandiza ana odwala khansa zizipita ku kafukufuku ndi thiransipoti ya makolo, osati kumatisheti ndi maphwando a pa 15 February, tsiku lokumbukira khansa ya ana padziko lonse.

Kwathu ku Mitundu mwana akatupa nsagwada, ambiri amati ndi dzino, ena amati walodzedwa. Pomadzafika ku chipatala cha Kamuzu Central, matenda amakhala atakula. Chonsecho khansa ya Burkitt, yofala kuno, yomwe nthawi zambiri imatupitsa nsagwada, imamva mankhwala ikapezeka msanga. Ndaonanso makolo akusiyira chithandizo panjira. Sikuti sakonda mwana ayi, koma ya minibasi yatha ndipo kumunda kulibe wolima.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'maiko olemera ana oposa 80 pa 100 odwala khansa amachira, pamene m'maiko osauka safika 30. Cholinga chake n'chakuti pofika 2030 azichira 60.

Unduna wa Zaumoyo uphunzitse alangizi a zaumoyo zizindikiro monga mimba yotupa ndi kadontho koyera m'diso. Mipingo ndi makampani a mu Lilongwe akhazikitse thumba lokhalitsa, ndipo osonkhetsa azilengeza poyera mmene ndalamazo zagwirira ntchito.

Kholo lokhudzidwa,
Mitundu, Lilongwe