Kalata yochokera ku Kampot

Bwanawe,

Uthenga wako wondidzudzula kuti ndimangotumiza zithunzi popanda mawu ndinaulandira, ndipo sunaname. Chithunzi sichivuta. Umaima pamalo okongola, kumwetulira, basi aliyense n'kumaganiza kuti ukudyerera. Lero mvula yayamba masana ndipo sikuoneka kuti ikata msanga, ndiye ndati ndikhale pansi ndikuuze zimene foni sijambula. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Ine ndili bwino tsopano. Mawu oti "tsopano" amenewa ndiwamasulira kutsogoloku, usathamange mtima.

Uno ndi mwezi wa 9 chinyamukire. Ndili m'katauni kakang'ono kam'mbali mwa mtsinje kum'mwera kwa Cambodia, kotchuka ndi tsabola wakuda. Chikwama chija unkachiseka pondiperekeza, chimene chinkalemera makilogalamu 17, pano chili pa 9. Nsapato zachiwiri ndinazisiya ku Pokhara, jekete ndinapatsa munthu ku Bangkok, mabuku ndimasinthanitsa ndi ena m'nyumba zogona alendo. Msana ndi umene unandiphunzitsa, komanso ndege zotchipa za kuno, zomwe zambiri zimalola makilogalamu 7 okha olowa nawo m'kati, otsalawo ulipire. Malaya ndili nawo atatu. Ndimachapa usiku pasinki, n'kuyanika pachitsulo cha bedi, ndipo nyengo ya mvula ino sauma bwinobwino. Fungo lake usandifunse.

Unandifunsa tsiku labwino koposa onse. Ndi tsiku limene ndinadutsa Thorong La ku Nepal, mpata wa pakati pa mapiri, mamita 5,416 kuchokera pamene pali nyanja. Tinakhala kaye masiku awiri ku Manang kuti thupi lizolowere, chifukwa ukakwera mothamanga mutu umawawa, umasanza, ndipo ena madzi amadzaza m'mapapo n'kufa ndithu. Pamwamba paja mpweya umene umakoka umangokupatsa pafupifupi theka la okosijeni amene unazolowera kunsi. Tinanyamuka 4 koloko usiku, tochi pamphumi, madzi a m'botolo ataundana. Masitepe khumi, kuima, kupuma ngati galu wothamangitsa kalulu, masitepe khumi enanso. Titafika pamwamba dzuwa linali litatuluka, tinsalu ta mapemphero tamitundumitundu tikukupiza ndi mphepo, mapiri oyera mbee mbali zonse. Misozi inangotsika yokha. Ndiye ndinacheuka, pakamwa pali kale mawu oti "taona iwe!" Kumbuyo kwangako kunali mnyamata wotitsogolera, amene wadutsapo kambirimbiri ndipo ankangofuna kuti titsike mphepo isanakule, ndi azungu anayi omwe ankajambulana okhaokha. Mawu aja ndinawameza.

Zikuoneka zazing'ono, koma zimenezi ndi zimene zakhala zikunditsata ulendo wonsewu. Ndaona zinthu zoti sindinkalota n'komwe, koma palibe munthu ndi mmodzi yemwe padziko pano amene ndingadzamuuze kuti "ukukumbukira tsiku lija?" iye n'kuseka nane. Akuluakulu poti kali kokha n'kanyama ndinkayesa amanena za ngozi zokha.

Usaganize kuti anthu ndimawasowa ayi. Anthu ndiye mbwee. M'ma hostel, nyumba zotchipa zogona alendo, umagona chipinda chimodzi ndi anthu asanu ndi atatu kapena khumi, mabedi osanjikiza, wina akuliza mkonono, wina akutokosa majumbo 5 koloko m'mawa pothamangira basi. Ukangolowa, mafunso ndi omwewo: wachokera dziko liti, wayenda nthawi yaitali bwanji, wadzera kuti, ukupita kuti. Ine langa loyambalo limatenga nthawi chifukwa ambiri mpaka nditsegule mapu pafoni. Miyezi yoyamba ndinkasangalala nazo. Pano ndimayankha ngati wailesi, ndipo ndikuulula kuti ena sindiwafunsanso mayina.

Koma pali ena amakulowa mumtima. Pochoka ku Thailand ndinawolokera ku Huay Xai, mbali ya Laos, n'kukwera boti lalitali lamatabwa lotsika mtsinje wa Mekong, masiku awiri kukafika ku Luang Prabang, kugona panjira pa Pakbeng. Mipando yake ndi yozula m'magalimoto akale, injini ili kumbuyo ikulira moti ukakhala pafupi sumvana ndi mnzako. Ndinakhala moyandikana ndi bambo wina wachikulire wa ku Chile amene akazi ake anamwalira chaka chathachi. Ulendo umenewu anaukonza ali awiri. Pofika tsiku lachiwiri ndinali nditawauza zinthu zoti ngakhale iwe sindinakuuzepo, chifukwa munthu amene sudzakumana nayenso sumuopa. Tinayenda limodzi masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi iwo analowera ku Vientiane pa sitima yatsopano ija inatsegulidwa mu Disembala 2021, ine n'kulowera kumpoto. Tinagwirana chanza pasiteshoni, kupatsana manambala, kulemberana kawiri, kenako zii. Mlendo ndi mame, amatero, koma kuno tonse ndife mame okhaokha. Kutsanzikana kotereku ndakuchita mwina ka 30, ndipo sikuzolowereka. Chimene chimachitika n'choti umayamba kudziteteza, osafunanso kumudziwa munthu kwambiri.

Tsono ndisakudandaulitse ngati ndili m'ndende. Ufulu wake ndi wokoma, ndipo sindikudziwa ngati ndidzaupezenso. Nditasiyana ndi bambo aja ndinafika pa Nong Khiaw, kamudzi ka m'mbali mwa mtsinje wa Nam Ou, pakati pa mapiri amiyala ochita kuima chilili. Ndinati ndigone masiku awiri. Ndinakhala 11. Chifukwa chake palibe. M'mawa nkhungu imakuta mtsinje wonse, ine ndili pamlatho ndi kapu ya khofi, ana akupita kusukulu, ndipo panalibe woti ndimupemphe chilolezo kapena kumufotokozera. Tikanakhala awiri, wina akanayamba kuwerenga masiku.

Ku Laos komweko ndinaphunzira chinthu chimene kusukulu sanatiuze. Pakati pa 1964 ndi 1973, nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, ndege za America zinaponya m'dzikomo mabomba opitirira matani 2 miliyoni. Ambiri anali aja amatseguka m'mwamba n'kumwaza timabomba tating'ono ngati mpira wa tenesi, ndipo mamiliyoni ambiri sanaphulike. Adakali m'nthaka mpaka lero. Mlimi akamalima kapena mwana akatola, ndi pamene amaphulika. Ku Phonsavan, kumene kuli mitsuko ikuluikulu yamiyala yakalekale, umayenda pakati pa timiyala tomwe anaika posonyeza mbali imene anachotsamo mabomba, ndipo sudumpha mzerewo. M'midzi ndinaona zigoba za mabomba atazisandutsa mizati ya nkhokwe ndi modzalamo anyezi. Usiku umenewo sindinafune kucheza ndi aliyense, ndipo kukhala ndekha kunandikomera.

Chimene palibe anandichenjeza ndi kutopa kwa m'mutu. Tsiku lililonse uyenera kuganiza kumene ugone, kumene udye, basi yoti ukwere, ngati mtengo wakuuzawo uli woona, ngati madziwo ali omweka, kuti viza yatsala masiku angati. Palibe woti umuuze kuti "lero ganiza ndiwe". Ngakhale kupita kuchimbudzi pa depoti umanyamula chikwama chonse, poti wokuyang'anira palibe. Ndipo maso nawo amakhuta. Mwezi watha ndinali ku Angkor Wat kuno ku Cambodia, kachisi amene mfumu Suryavarman II inamanga m'zaka za m'ma 1100, malo oti anthu amasunga ndalama zaka kuti adzawaone. Ndinadzuka usiku ngati anzanga onse kukadikira dzuwa kutuluka kuseri kwa nsanja zake zisanu. Linatuluka. Ine mumtima mwanga munalibe kanthu, ndinkangoganiza za kumene ndingakachapitse zovala. Ndinachita manyazi ndekha.

Za ndalama ndingokuuza kamodzi kuti useke. Ku Vietnam pepala la 20,000 dong ndi la 500,000 dong onse ndi abuluu. Usiku wanga woyamba ku Hanoi, ndili wotopa, ndinapatsa wanjinga yamoto lalikululo ndikuyesa laling'ono. Anathokoza mwaulemu kwambiri n'kuliyatsa liwiro, ine n'kumadabwa kuti anthu a kuno ndi aulemu bwanji. Ndinazindikira m'mawa. Kuno ku Cambodia ndiye amagwiritsa ntchito madola a ku America pamodzi ndi riel yawo, chenji chaching'ono amakubwezera mu riel, ndipo dola ikangong'ambika pang'ono ambiri amaikana. Pano ndalama ndimaziika malo atatu, makhadi a kubanki awiri osiyana matumba, ndipo ndimalemba chilichonse chimene ndagula m'kakope. Ine amene unkandidziwa uja!

Tsopano nkhani ya "tsopano" ija. Milungu itatu yapitayo ndinadzuka usiku thupi lili moto, mutu ukuwawa kuseri kwa maso, mafupa ngati wina wawapondaponda. Ndinati ndi malungo. Kuchipatala atayeza magazi anati ndi dengue. Imeneyi imabwera ndi udzudzu wina wakuda wa timizere toyera, umene umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo, ndiye neti ya usiku yokha sikutchinjiriza. Mankhwala opha kachilomboka palibe. Adokotala anati ndizimwa madzi ambiri ndi paracetamol basi, ndisayerekeze kumwa aspirin kapena ibuprofen chifukwa zimawonjezera kutaya magazi. Anandiuzanso kuti nthawi yoopsa ndi pamene kutentha kwayamba kutsika, munthu n'kumayesa wachira, choncho ndinkabwerera tsiku ndi tsiku kukayezetsa magazi. Tsiku lina anandiika diripi. Inshuwalansi ija ndinkaidandaula kuti ndikutaya ndalama ndi imene inalipira.

Ndinachoka mu hostel n'kubwereka kachipinda kandekha. Bwanawe, sindinaonepo masiku aatali ngati amenewo. Fani ikuzungulira kudenga, ine ndikuwerenga mabuluzi pakhoma, botolo la madzi latha ndipo sitolo ili kutsidya kwa msewu, koma kudzuka kokha kukuchita ngati kukwera Thorong La kachiwiri. Ndinatenga foni kangapo kuti ndikuimbire, n'kuibwezanso. Ukanatani uli kutali choncho, kupatula kusowa tulo? Ndinaganizanso zoti nditati ndafera muno, angadziwe ndani, ndipo pangapite masiku angati.

Amene anadziwa ndi mayi a nyumbayo. Ataona kuti sindinatuluke tsiku lonse anagogoda, kundiyang'ana, n'kubwerera osanena kanthu. Patapita kanthawi anabwera ndi mbale ya phala la mpunga lamadzimadzi lothira tinyama ta nkhuku, ndi kokonati wobowola kale. Chingerezi sadziwa, ine Chikhmer, chilankhulo cha kuno, ndimangodziwa moni ndi zikomo. Anakhala pampando wapulasitiki pakhomo mpaka nditamaliza, akundiloza mbale ndikaima. Anachita zimenezi masiku asanu, m'mawa ndi madzulo, ndipo mwana wawo wamwamuna ndi amene ankandinyamula pa tuk-tuk, takisi yaing'ono ya kuno, kupita kuchipatala. Nditachira ndinafuna kuwonjezera ndalama pa lendi. Anandimenya kambama kofewa padzanja n'kundibwezera. Ndinakagula zipatso kumsika, zimenezo ndiye analandira, n'kusenda pomwepo kuti tidye limodzi. Ndidakali m'nyumba yomweyo pamene ndikulemba pano, ndipo ndikuzengereza kuchoka chifukwa ndikudziwa kuti kutsanzikana kumeneku kundipweteka kuposa ena onse aja.

Wandifunsa ngati nawenso ungayese ana akakula. Ndinganene kuti yesa, koma osati miyezi 9 motsatizana ngati ine, ndipo osathamanga. Mayiko ochepa, malo amodzi mlungu wathunthu kapena kuposerapo, kuti wogulitsa khofi pakona ayambe kukuzindikira. Pasipoti ikhale ndi miyezi yoposa 6 isanathe komanso masamba opanda kanthu okwanira, chifukwa viza ya Laos ndi ya Cambodia zomata zija iliyonse imadya tsamba lathunthu. Uzolowerenso kuyang'anitsitsidwa. M'midzi ina ana amandithamangira kudzandigwira khungu n'kuyang'ana zala zawo ngati zada, akuluakulu amapempha kujambulitsa nane. Masiku ena ndimaseka nawo, masiku ena ndimangofuna kudya chakudya changa mwamtendere.

Za kubwerera sindinatsimikize. Ndalama zingandifikitse miyezi ina itatu ndikasamala. Mtima wina ukuti ndipitirire ku Indonesia, wina ukuti zakwana. Chimene chinandibaya ndi chithunzi unatumiza chija, cha mwana wako wamng'ono akuyenda. Ndinamusiya ali wa m'manja. Ukwati wa mlongo wako ndinauonera pafoni netiweki ikudukaduka, ndipo maliro a aphunzitsi athu aja ndinamva patapita mlungu. Zimenezi sizibwereranso, ndipo ndinadzisankhira ndekha, ndiye sindingadandaulire munthu. Walira mvula walira matope.

Undilembere zambiri, ngakhale zimene ukuona ngati zopanda pake: amene wakwatira, amene wayambana ndi ndani, ngati galimoto lako lija likadavutabe polilizitsa m'mawa. Nkhani za mapiri ndi akachisi ndili nazo zokwanira, zimene ndikusowa ndi zimenezo. Upereke moni kwa alamu, uwauze kuti kachikwama kobisamo pasipoti anandisokera kaja sikanachoke m'chiuno mwanga chinyamukire, ngakhale kasintha mtundu. Ana uwapsompsone m'malo mwanga.

Mvula yakata, ndipo mayi aja akundikodola pawindo kuti chakudya chapsa. Viza yanga ikutha Lachinayi la mlungu wamawa, ndiye pofika Lolemba ndikhala nditasankha kolowera. Ndikuuza ukhale woyamba.

Ndine mnzako wakalekale.