Makina anu ofungatira mazira andiphera analimata

Kwa inu amene mumagulitsa makina ofungatira mazira a zokwawa: ndakulemberani ku inbox katatu, mukuwerenga koma yankho logwira mtima palibe. Ndiye ndabwera pano poyera kuti amene akufuna kugula amve.

Ndimaweta analimata a m'chipululu, amawangamawanga aja otchedwa leopard gecko, omwe kwawo ndi madera ouma a Afghanistan, Pakistan ndi kumpoto chakumadzulo kwa India. Wamkazi wanga amaikira mazira awiriawiri, pakapita milungu iwiri kapena itatu n'kuikiranso. Chaka chino ndinasonkhanitsa mazira 8. Lililonse ndinalilemba kadontho ka pensulo pamwamba kuti lisatembenuzike, poti likagubuduzika kamwana kamatha kufera m'kati, kenaka ndinawakwirira theka mu vermiculite (timiyala tofewa tosunga chinyontho) wonyowa pang'ono.

Ndisanagule ndinakufunsani funso limodzi lokha: kodi makinawa amasunga kutentha pamalo amodzi? Munati inde, ndisade nkhawa. Sindinkafunsa zocheza. Kwa analimata amenewa kutentha ndi kumene kumagamula ngati kamwana kakhale kakamuna kapena kakakazi. Pa madigiri 26 kapena 27 amaswa aakazi ochuluka, pa 31 kapena 32 amachuluka ndi aamuna. Ine ndinkafuna aakazi, chifukwa aamuna awiri sakhalira limodzi, amalumana mpaka kuvulazana. Ndinatchera pa 27, n'kumawerenga masiku, podziwa kuti pa kutentha kumeneku amaswa pakatha miyezi iwiri.

Kagalasi koonetsa kutentha ka makina anu kankaonetsa 27 usana ndi usiku, osasuntha. Sabata yachitatu ndinawalitsa tochi pa mazira, mitsempha yofiira inkaoneka bwinobwino, mtima wanga unali m'malo. Sabata yachisanu awiri anayamba kufota, kenaka kuchita chuku. Ndinadziimba mlandu ndekha, ndimvekere mwina ndathira madzi ambiri. Atafa enanso awiri m'pamene ndinaikamo choyezera kutentha china. Masana chinafika pa 37, pomwe kagalasi kanu kakuti 27! Ndinabwereka chachitatu kuti ndisakunamizireni, nacho chinanena zomwezo. Mazira anga ankaphikidwa ine ndikuyang'ana nambala yabodza.

Pa 8 aja, aswa awiri okha. Woyamba anatuluka kathumba ka chikasu cha dzira kakadali pamimba, msana wokhota, ndipo anafa tsiku lachiwiri ali m'dzanja langa. Winayo ali moyo, kutalika kwake ngati chala changa. Ndamuyalira pepala lofewa, osati mchenga, poti tiana timameza mchenga n'kutseka m'mimba. Wafundula tsiku lachinayi, n'kudya chikopa chake monga amachitira, ndipo dzulo wagwira kankhululu kake koyamba kowazidwa ufa wa calcium. Ndinakhala pansi n'kumamuonerera mpaka anameza.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi make. Kuikira mazira kumamudya thupi. Calcium wa zigoba amachoka mwa iye, ndipo mchira umene amasungamo mafuta, womwe unali wonenepa, tsopano watsala theka. Wavutika maulendo anayi kuti makina anu awononge.

Yankho limodzi lomwe ndinalandira, mwezi watha, linali lakuti mwina ndinaika makinawo padzuwa. Ali m'chipinda chamthunzi, kutali ndi zenera. Ndipo ngakhale akanakhala padzuwa, bwanji kagalasi sikanaonetse kutentha kwenikweni? Ntchito yake si imeneyo kodi?

Zithunzi za zoyezera zonse zitatu zili pamodzi ndaziika m'munsimu, lisiti ndili nalo. Bwerani mudzatenge makina anu mundibwezere ndalama zanga. Muwauzenso onse amene munawagulitsa mtundu umenewu kuti aikemo choyezera china lero lomwe, chifukwa pali ena amene mazira awo ali m'katimo pakali pano, akukhulupirira nambala ija monga ndinkachitira ine. Mundiyankhe pompano, osati ku inbox.